Edileuza ndi Pempho la pa Bedi Nambala 14

Edileuza Tavares anafika ku Recife, mzinda wa ku Brazil, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, atasenza katoni ya zovala, kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu amene anali asanawaonepo. Kwawo kunali kumtunda kouma, cha ku Serra Talhada, ndipo sukulu anaisiyira m'kalasi yachisanu. Kusoka anaphunzira kwa mayi wina woyandikana ndi mabwana ake, amene ankamupatsa zigamba zoti aziyeserera. Atakwatiwa ndi Genival, dalaivala wa basi, anapeza kanyumba pachitunda china cha ku Casa Amarela, ndipo makina ake anawaika pawindo loyang'ana kumsewu. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anatembenuka mtima m'tchalitchi cha pentekosite cha m'munsi mwa chitundacho. Kuyambira pamenepo tsitsi sanalidulenso, ndipo masiketi ake onse anali ofika mu akakolo.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi anatsogolera mapemphero a amayi a Lachitatu masana. Mayunifolomu onse a kwaya anali a manja ake. Munthu akadwala pachitundapo, woyamba kugogoda pakhomo ankakhala Edileuza, Baibulo kukhwapa, mphika wa msuzi m'manja.

Ana ake awiri atakula anabwerera kusukulu ya anthu akuluakulu, n'kumaliza sekondale ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Chaka chotsatira dzina lake linatuluka ku yunivesite, ku maphunziro a zipembedzo. Abusa Adeilton analengeza nkhaniyi paguwa, mpingo wonse n'kuwomba m'manja. "Tsopano tikhala ndi katswiri wathuwathu wa Mawu," anatero. Edileuza nayenso ankaganiza choncho. Koma mwezi woyamba womwewo anaona kuti kumeneko Baibulo linali buku limodzi pakati pa mabuku ambiri. Ankaphunzira za Asilamu, za Ahindu, za mitundu ya anthu a m'nkhalango, mpaka za nyumba za Xangô, za chipembedzo cha ng'oma chochokera kwa makolo a ku Africa, zomwe kutchalitchi kwawo ankangozitchula kuti nyumba za ziwanda. Iye ankalemba zonse mwaukhondo m'kope, mayeso ankakhoza, koma zimene ankawerengazo sankauza munthu aliyense wa kumpingo.

Kuti wophunzira alandire digiri ankayenera kukwanitsa maola mazana awiri a ntchito za kunja kwa kalasi. Pakhoma la ofesi panali pepala la zoti munthu asankhepo: kwaya ya ophunzira, maulendo okaona malo opempherera a zipembedzo zina, gulu lokacheza kundende, ndi gulu loyendera odwala m'chipatala china chachikulu cha mumzindamo. Za maulendozo anangozilumpha ndi maso. Za kundende Genival anakaniratu. Anasankha chipatala. "Imeneyi ndi ntchito yanga kale," anadziuza mumtima, "angondilembera maola basi."

Wotsogolera gululo anali mphunzitsi wawo, mayi Celina, munthu wamfupi wa imvi, amene palibe ankadziwa ngati amapemphera kapena ayi. Tsiku loyamba anagawa mabaji, kenako maso awo anaima pa chikwama cha Edileuza.

"Muli Baibulo mmenemo?"

"Eya, aphunzitsi."

"Likhale momwemo mpaka wodwala atalipempha yekha. Uku simukupita m'dzina la mpingo wanu. Mukafika pabedi mupatseni moni, mufunseni chimene akufuna, kenako tsekani pakamwa. Akafuna wansembe, kaitaneni wansembe. Akafuna abusa, kaitaneni abusa. Akafuna kukulalatirani, mvetserani, mwina alibe wina womumvera. Lamulo limalola wodwala aliyense kuonana ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake, ndipo ntchito yanu ndi yokamuitana."

Miyezi inayi inadutsa popanda chovuta. Anawerengera nyuzipepala nkhalamba ina yosaona. Anakhala duu pambali pa mayi wina wopemphera kolona, ngakhale lilime linkamuyabwa. Baibulo analitulutsa kambirimbiri, chifukwa odwala ambiri ankalipempha okha.

Loweruka lina la mu Juni, mvula ili mkati kuyambira m'mamawa, namwino anamutumiza ku wodi ya amayi. Pa bedi nambala 14 anapeza munthu amene ankamudziwa bwino: gogo Zulmira, mayi ake a Rosinete, mkazi wa abusa Adeilton.

Mbiri ya gogoyo pachitunda ponse ankaidziwa. Moyo wawo wonse anali a kunyumba ya Xangô ya pamwamba pa masitepe okwera chitundacho. Ankaphika pa zikondwerero za kumeneko ndi kuvina atavala zoyera. Zaka zitatu m'mbuyomo anafa ziwalo mbali imodzi, mwana wawo anawatenga kuti azikakhala nawo, ndipo patangotha mwezi anawakankha pa njinga ya olumala mpaka kutsogolo kwa mpingo kuti alandire Yesu. Tsiku limenelo Edileuza analira ndi chimwemwe. Kuchokera apo gogoyo ankakhala pafupi ndi benchi lachitatu, osaimba, osatsutsa.

Tsopano thupi linali litatha, mpweya ukulowa ndi kapaipi m'mphuno. Maso okha ndiwo anali akadali akuthwa.

"Mtendere wa Ambuye, gogo," anatero Edileuza, pakamwa patathamanga ndi chizolowezi.

Gogoyo anayang'ana baji, kenako nkhope yake. "Iwe Leuza. Wabwera ndi za mpingo kapena za kachikwangwani kali pachifuwako?"

"Za chipatala, gogo. Ndabwera kudzamva ngati pali chimene mukufuna."

"Chilichonse?"

"Chimene ndingathe."

Dzanja lawo labwino lija linamugwira pamkono ndi mphamvu imene sanaiyembekezere. "Ukandiitanire Severina. Mikanda yanga ndinamusungitsa iyeyo. Abwere nayo, adzandiimbire. Sindikufuna kunyamuka ngati mlendo wosadziwa kwawo."

Severina anali mayi wamkulu wa nyumba ya Xangô ija. Edileuza anacheuka kuona ngati pali amene wamva.

"Gogo, bwanji tipemphere kaye? Mwina mtima ukhala m'malo."

"Ndapemphereredwa zaka zitatu, mwana wanga, sindinakanepo. Rosinete amandisambitsa, amandidyetsa, ndikanakana bwanji? Koma ulendo uno ndi wanga." Anapuma nthawi yaitali, chifuwa chikulira. "Usamuuze. Akadziwa atseka pakhomo. Wamva?"

"Ndamva."

"Sindikufunsa za makutu ako. Upita?"

Edileuza anamasula zala za gogoyo chimodzichimodzi, n'kugoneka dzanjalo pabulangete, n'kutuluka.

Pakhonde anafunsa namwino za matendawo. Namwinoyo anagwedeza mutu. "Impso zasiya. Mwina afika Lolemba, mwina ayi."

Mayi Celina anali kumsonkhano ku Salvador. Edileuza anawaimbira foni ataima pansi pa denga la pa siteji ya basi, madzi akumudonthera pamapewa, n'kufotokoza zonse.

"Ine ndibwera Lachiwiri," anatero aphunzitsiwo. "Nambala ya mayi Severinayo muli nayo?"

"Ayi."

"Nditume wina wa m'gulu?"

"Sangamutsegulire. Nyumba imeneyo inagendedwapo kawiri. Munthu wosamudziwa samutsegulira."

"Nanga inu akukudziwani?"

"Akundidziwa."

"Edileuza, sindikukakamizani. Digiri yanu sikudalira zimenezi, ndipo mukakana palibe amene adzakufunseni. Koma ngati simupita, bwererani pabedipo mukawauze kuti simupita, asamangoyang'ana kuchitseko."

Edileuza sanachite chilichonse mwa ziwirizo. Anakwera basi n'kupita kunyumba.

Madzulo amenewo Genival anamuyang'ana kangapo akudya mazira ndi cuscuz, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa pa nthunzi. Mwamunayo kutchalitchi ankapitako pa Khirisimasi ndi pa maukwati basi.

"Mwangoti zii ngati basi yotha mafuta. Kwagwanji?"

Anamuuza. Genival anamwa khofi, n'kuika kapu pansi. "Ndiye vuto lili pati? Masitepe aja? Ana amakwera akuthamanga."

"Inu chilichonse mumaseka. Ndikawabweretsa mayi aja, ndiye kuti ndapereka mzimu wa munthu kwa ziwanda ndi manja angawa."

"Nanga mukapanda kuwabweretsa, mzimuwo ukhala uli kwa yani? Mwamva nokha zimene zili mumtima mwawo. Ine m'basi ndimanyamula wansembe, wakuba, wa ng'oma, onse. Akaliza belu ndimaima. Sindinafunsepo munthu kuti akatsika alowera kuti."

"Moyo wosatha si basi, bambo a Jaciara."

"Chabwino, inu ndinu ophunzira. Koma abusa akamva, mukudziwa chimene chikukudikirani."

"Ndikudziwa."

M'mawa mwake, pa sukulu ya Sande, Rosinete anaimirira kutsogolo maso ali ofiira. Anauza mpingo kuti mayi ake ali pafupi kupita, koma iye ali ndi mtendere, chifukwa Mulungu anawalanditsa mumdima nthawi ikadalipo. Anthu anayankha Ameni. Kenako anatembenuka. "Mayi Edileuza, titsogolereni m'pemphero."

Edileuza anaimirira. "Ambuye, musamusiye yekha mdzakazi wanu," anayamba, ndipo mawu anathera pomwepo. Amayi anaganiza kuti wagwidwa ndi chisoni, anayamba kupemphera mokweza onse pamodzi n'kumukwirira.

Potuluka Rosinete anamukumbatira. "Zikomo, achemwali. Anamwino akuti dzulo munawaona. Ananena chiyani?"

"Anali otopa. Sanalankhule zambiri."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunamuopsa. Chakudya cha masana sanachikhudze. Itakwana wani koloko anavala baji lake, anatenga ambulera, n'kuuza Genival kuti asamudikire.

M'munsi mwa masitepe munali kagolosale ka dikoni wina wa mpingo wawo. Mwini wake anali pakhomo akuyang'ana mvula.

"Mtendere wa Ambuye, mayi. Kumtundako kuli wodwala?"

"Ndili ndi uthenga," anayankha osaima.

Ankamva maso a dikoniyo pamsana pake sitepe iliyonse. Pamwamba panali nyumba zitatu zokha, ndipo ziwirizo zinali za anthu a mpingo wawo. Anazidutsa zonse ziwiri n'kukaima pa geti lachitsulo lopaka utoto wobiriwira, lokhala ndi zipsera za miyala. Geti limenelo ankalidziwa. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, tsiku la chikondwerero cha m'nyumbamo, iye ndiye anatsogolera amayi makumi awiri kudzaima pomwepo. Anaimba nyimbo ola lathunthu kuti aphimbe ng'oma, anapaka mafuta odzozera pachitsulo, n'kulamula ziwanda kuti zichoke pachitundacho.

Anagogoda katatu. Kazenera ka pageti kanatseguka, ndipo panaoneka nkhope yaikulu ya mayi wa zaka za m'ma makumi asanu ndi awiri, mpango woyera kumutu, magalasi pamphuno.

"Ndikukudziwa iwe. Ndiwe wa mawu okwera uja. Mafuta lero wasiya kuti?"

"Sindinabwere ndi mafuta, mayi. Gogo Zulmira ali m'chipatala, atsala pang'ono. Akukuitanani. Akuti mubwere ndi mikanda yawo."

Mayi Severina sanaphethire. "Wakutuma ndani? Mwana wake?"

"Iye sakudziwa."

"Ndiye ukufuna ndikafike kumeneko andinyoze pamaso pa odwala? Kapena anzako ali m'munsimu akundidikira?"

"Ndili ndekha."

"Anakuuza liti?"

"Dzulo m'mawa."

"Dzulo m'mawa," anabwereza mayiwo pang'onopang'ono. "Ndiye wagona nawo uthenga wa munthu amene akufa."

Edileuza anayang'ana pansi. Madzi amvula anali kudutsa pamwamba pa nsapato zake.

"Dikira pomwepo. Sindikuuza kuti ulowe, ndikudziwa ukuopa kuti mapazi apsa."

Mayi Severina anatuluka patapita mphindi khumi, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kathumba kansalu m'manja. Masitepe anali oterera ndipo mawondo awo anali oipa. Pa sitepe yachisanu anatsetsereka, Edileuza n'kuwagwira pamkono. Sanathenso kuwasiya. Anatsika choncho, ambulera imodzi, mkono m'mkono, makatani a m'mawindo akusuntha nyumba ndi nyumba. Pa golosale paja dikoni anali ataika kale foni kukhutu.

M'basi sanalankhulane. Pachipata cha chipatala mlonda anayang'ana zovala zoyerazo, kenako baji.

"Ndi mtsogoleri wa chipembedzo," anatero Edileuza. "Wodwala wa m'wodi ya amayi wawapempha." Mlondayo anangolemba dzina n'kuwatsegulira.

Rosinete anali ataima kumiyendo kwa bedi, nkhope kuchitseko, foni ikadali m'manja. Abusa anali atapita kukalalikira kumpingo wina kunja kwa mzinda.

"Ndiye n'zoona," anatero motsitsa mawu. "Ndimati adikoni maso awanamiza."

"Mayi busa..."

"Usanditchule. M'mawa womwe uno unali m'manja mwangamu." Anatembenukira kwa mayi Severina. "Inu bwererani komwe mwachokera. Mayi anga ndi a Yesu."

Mayi Severina anaima pakhomo pomwepo, kathumba atakagwira ndi manja awiri. Odwala a m'mabedi ena anatembenuza mitu. Mayi wina amene ankadyetsa m'bale wake anaimitsa supuni m'mwamba. Namwino wa tsiku limenelo anabwera mofulumira.

"Muno ndi m'chipatala. Chavuta n'chiyani?"

"Ine ndine mwana wawo," anatero Rosinete. "Ndine ndinawagoneka muno, ndine ndinasaina mapepala. Mayi awa sindikuwalola."

Namwinoyo anayang'ana Edileuza, chifukwa ndiye anali ndi baji. Aliyense anayang'ana Edileuza. Akanatha kunena kuti analakwitsa, kuti sanamve bwino, ndipo mayi Severina akanabwerera, nkhani n'kuthera pa kukalipiridwa. Edileuza anatembenukira kwa namwinoyo.

"Wodwala nzeru zake zonse zilipo. Anandipempha dzulo. Afunseni okha."

Namwino anawerama pafupi ndi khutu la gogoyo. "Mayi Zulmira, mayi ali pakhomowa mukuwafuna?"

Kapaipi ka mpweya kankangolira. Gogo Zulmira sanayang'ane kukhomo, anayang'ana mwana wawo.

"Nete, mwana wanga, undikhululukire. Ndikumufuna."

Rosinete anaima kanthawi ngati wamenyedwa mbama. Kenako anatola chikwama chake n'kutuluka, phewa lake likukhudza la mayi Severina pakhomo. Namwino anakoka katani kuzungulira bedi.

Edileuza anapeza Rosinete kumapeto kwa khonde, atatsamira pawindo. Anaima chapatali pang'ono.

"Zaka zitatu," anatero Rosinete osatembenuka. "Kuwanyamula, kuwatembenuza, matewera, phala ndi supuni. Msana wangawu unatha. Zonsezo ndinkati bola tidzaonane kumwamba. Ndinalibe china chimene ndinkafuna. Iwe wabwera ndi kabaji kako, wandilanda mayi anga tsiku lomaliza."

Kuchokera kuseri kwa katani kunayamba kumveka nyimbo, motsitsa kwambiri, ya mawu amene Edileuza sankawamva. Anapeza kuti milomo yake ikutchula dzina la Yesu yokha.

Rosinete anatembenuka. "Tandiuza. Ukukhulupirira kuti mikanda ija iwapulumutsa?"

"Ayi."

"Ndiye wachitiranji?"

"Anandifunsa ngati ndipita. Ndinalephera kubwerera kukawauza kuti ayi." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Sindikudziwa ngati ndachita bwino, mayi busa. Sindikudziwa."

"Udzakadziwira pamaso pa Mulungu."

Nyimbo inatenga mphindi ngati khumi ndi zisanu. Mayi Severina anatuluka kathumba kali kopanda kanthu. Podutsa anaima pafupi ndi Rosinete. "Mayi ako akukuitana. Unawasamala bwino, thupi lonse lilibe chilonda n'chimodzi chomwe." Rosinete sanawayang'ane. Anadikira kuti adutse, kenako analowa m'wodi.

Edileuza anatambasula ambulera kuti awaperekeze, koma mayiwo anakana ndi dzanja. "Njira ndikuidziwa. Iwe uli ndi zako zokudikira."

Gogo Zulmira anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo anaikidwa tsiku lotsatira ndi mwambo wa mpingo. Edileuza anaima kumbuyo kwenikweni. Kunja kwa mpanda wa manda kunali anthu asanu ndi mmodzi ovala zoyera, amene sanalowe ndipo sanaimbe. Ngati mikanda ija inalowa nawo m'bokosi kapena inatayidwa m'bini ya kuchipatala, Edileuza sanamve, ndipo analibe womufunsa.

Lachinayi anaitanidwa kukachipinda ka kuseri kwa guwa. Munali abusa Adeilton ndi akulu a mpingo anayi. Abusawo ankaoneka otopa kuposa okwiya.

"Mayi Edileuza, ndakudziwani zaka zambiri, sindikufuna kukutayani. Lamlungu muimirire munene kuti maphunziro anakusocheretsani. Gulu la kuchipatala musiye. Mukhale pabenchi lakumbuyo miyezi itatu, kenako zonse zibwerera m'malo mwake."

Edileuza anali atakonzeka kulira, koma misozi sinabwere. "Abusa, zolapa ndili nazo. Ndinasunga uthenga wa wodwala tsiku lathunthu chifukwa cha mantha, ndiponso ndinanamiza akazi anu m'nyumba ya Mulungu. Zimenezo ndinena pamaso pa aliyense. Koma zoti ndinalakwa kukawaitana mayi aja, ndapemphera masiku onsewa, mawu amenewo sakundibwerera. Ndikawanena ndikhala ndanamanso."

"Mukudziwa kuti mkazi wanga sakudya?"

"Ndamva. Zikundiwawa."

"Ndiye muthandizeni."

"Ndi bodza sindingathe, abusa."

Mmodzi wa akuluwo anaseka mowawidwa. "Ndi zimenezi timanena. Tinatumiza munthu kukatenga nzeru, watibweretsera ng'oma."

Anamuchotsa pa utsogoleri wa amayi tsiku lomwelo. Anamuika pabenchi lakumbuyo popanda kutchula tsiku lodzamubweza, ndipo mbale ya mgonero inkamudutsa. Mayunifolomu a kwaya anapita kwa telala wina. Amayi amene anagwada nawo pamodzi zaka khumi ndi chimodzi ankati akamuona pamsika, n'kuyamba kusankha tomato mwachidwi chachikulu. Mmodzi yekha, mayi wamasiye wogulitsa tapioca, zikondamoyo za ufa wa chinangwa, ndiye ankamugwira dzanja mobisa potuluka m'tchalitchi.

Lamlungu lachitatu Genival anavala malaya ake a ukwati n'kumutsatira. Anakhala naye pabenchi lakumbuyolo, manja atapinda pachifuwa, nyimbo osazidziwa.

"Mwatembenuka mtima?" anamunong'oneza Edileuza.

"Ayi. Ndangoona kuti benchili ndi lalitali kwa munthu mmodzi."

Mayi Celina atamva zonse anafunsa Edileuza ngati akufuna kusamukira ku gulu lina kuti zinthu zizizire. Anakana. Anamufunsanso ngati angafotokozere anzake m'kalasi zimene zinachitika, popanda kutchula maina. Anakananso. "Ija si nkhani ya m'kalasi, aphunzitsi. Kuli munthu amene akulirabe."

Edileuza anapirira pabenchi lija miyezi isanu ndi iwiri. Ataona kuti kukhalapo kwake kukungotsegula chilonda cha Rosinete sabata ndi sabata, anasamukira ku kampingo kena kakang'ono ka ku Nova Descoberta, komwe anawauza nkhani yonse tsiku loyamba lomwelo. Abusa a kumeneko anakanda m'mutu, n'kunena kuti iwo sakanachita zimenezo, koma akhoza kukhala nawo. Utsogoleri sanamupatse, ndipo iye sanaupemphe.

Digiri analandira ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Lero amaphunzitsa ana a pulaimale m'sukulu ina ya boma, ndipo Loweruka lililonse amapitabe kuchipatala. Chikhulupiriro chake sichinasinthe. Ng'oma zikamalira pamwamba pa masitepe amatseka windo. Akakumana ndi mayi Severina panjira amapatsana moni wa mutu, osapitirira apo.

Chaka chisanathe chimwalirire gogo Zulmira, akuluakulu a mpingo anasamutsira abusa Adeilton ku Caruaru. Edileuza anamva kwa mayi wa tapioca uja kuti lole ibwera Lolemba m'mawa. Tsikulo anali ndi mayeso. Anatsika chitunda msanga, n'kuima pa siteji ya basi moyang'anana ndi nyumba ya abusa, mabuku ali pachifuwa. Anali atakonza mawu oti anene, koma msewu sanauwoloke. Katundu atatha kupakira, Rosinete anakwera kutsogolo kwa lole n'kukhala cha kuwindo. Anaona Edileuza. Anayang'anana nthawi yonse imene dalaivala ankalimbana ndi injini, ndipo panalibe amene anakweza dzanja. Lole itakhota pakona, basi ya ku yunivesite inafika, ndipo Edileuza anakwera.